Kaphazi ka Nkhuku pa Mpendero

Mwabweretsa zovala zija ndinakutumani? Ikani apo pampando, aliyense chake, musasakanize. Iwe wautaliwe, mwana wa Malita, chotsa timawaya m'makutumo, agogo ako akulankhula. Dzina lako ndikulidziwa, lili pakamwa pomwepa, likungokana kutuluka. Musaseke. Ndikudziwa zimene mumanena mukatuluka pachipata apo, mumati agogo netiweki yawo ikuduladula. Makutu anga sanakalambe ngati mutu, ana inu, amamva zonse.

Simukunama kwenikweni. Mukandifunsa ndiwo zimene ndinadyera dzulo, ndikuuzani nyemba, pamene mwina inali kabichi. Magalasi ndimawafuna nyumba yonse ali pamphuno. Koma mundifunse za tsiku limene ndinatsika sitima pa Limbe ndili mnyamata, ndikuuzani ngakhale fungo lake. Ine ndine telala, ndiye ndimazimva mwautelala. Zakale zija zinasokedwa ndi ulusi wowirikiza, mukhoza kukoka mmene mungathere sizithothoka. Zatsopanozi zimangogwidwa ndi mapini. Ukangoimirira n'kukutumula, zonse zili pansi.

Lero ndikufuna ndikuuzeni zimene zinachitika pa chinkhoswe cha mkulu wanu Yohane. Ena mwa inu munalipo, koma munali kalikiliki ndi mafoni, kujambulana milomo itatukulidwa ngati mlamba. Munaona agogo ataloza, anthu n'kuimba nthungululu, basi. Zimene zinali mumtima mwanga simunazione. Koma kuti muzimvetse ndiyambire patali, ndipo musandifulumize.

Ndinabadwira kumunsi, ku Nsanje, kumene dzuwa limawotcha mpaka nkhuku kuyenda kukamwa kuli yasa. Bambo anga ankalima thonje ndi mapira. Chaka chimene madzi anasefukira n'kutenga munda wonse, anati mnyamatayu apite kumtunda akaphunzire ntchito yamanja. Mayi anandimangira kamba m'kansalu: nyika zophika ndi mlamba wowamba, wakuda bii ndi utsi. Nyika simuzidziwa inu. Ndi timizu ta m'madambo, tokumba m'matope madzi akufika m'chiuno, ng'ona ili pafupi. Mumati tchipisi ndiye chakudya, chifukwa njala yeniyeni simunakumane nayo.

Sitima inkakwera phiri ikupuma wefuwefu ngati nkhalamba. Ndinakhala pafupi ndi mayi wina amene ananyamula abakha awiri m'dengu, ndipo bakha mmodzi anandijompha khutu ulendo wonse. Titafika pa Limbe kunali chiperoni. Ine mwana wa kotentha, kabudula mmodzi, malaya opanda mabatani, kuzizira koteroko ndinali ndisanakumvepo. Nditapuma ndinaona utsi ukutuluka m'kamwa mwanga, ndipo ndinagwira dzanja la malume amene anadzandichingamira n'kuwauza kuti ndikupsa m'kati. Anaseka mpaka kukhala pansi papulatifomu. Chipewa chimene anavala tsikulo chinali chobiriwira, chong'ambika pang'ono kumbuyo. Mukuona? Chipewa cha munthu amene anamwalira inu musanabadwe ndikuchiona bwinobwino, koma kabichi wa dzulo ayi.

Malumewo ananditengera kwa a Fulansisiko, telala amene ankasokera pakhonde la sitolo ya mmwenye, mumsewu waukulu wa Limbe. Masiku amenewo khonde lililonse linali ndi telala wake, ndipo ukamayenda mumsewu unkangomva makina kulira mbali zonse. A Fulansisiko anachokera kutsidya kwa malire, ankalankhula Chisena chosakaniza ndi Chipwitikizi, ndipo akakwiya Chipwitikizi ndiye chinkachuluka. Anali munthu wamfupi, waukali, wosunga choko kuseri kwa khutu. Ine ndinkaganiza kuti tsiku loyamba lomwelo ndikhala pamakina ndizipalasa. Anandipatsa nsimbi yamakala kuti ndizikupiza. Kenako anandipatsa singano yamanja, ndipo dzinja lonse lathunthu ntchito yanga inali imodzi, kupinda mipendero ya madiresi ndi masiketi.

Mpendero ndi m'mphepete mwa chovala m'munsimu, kwa inu amene mumavala mathalauza ong'ambika dala. A Fulansisiko ankati telala amadziwika pampendero, chifukwa ndi pamene waulesi amathamangira kuti amalize. Ndipo anali ndi kachitidwe kawo. Pamene msoko wa m'mbali wakumana ndi mpendero, ankasoka ndi manja timizere titatu tochokera malo amodzi, totambasuka ngati zala za nkhuku. Ankati kaphazi ka nkhuku. Sikanali kokongoletsa. Amayi a nthawi imeneyo ankakwera sitima ndi malole, masitepe ake aatali, ndipo mayi akatambasula mwendo, diresi linkayamba kung'ambikira pomwepo. Kaphazi kaja kankagwira. Ndikasoka kokhota, ankandimenya zala ndi rula n'kundiuza kuti ndisule ndiyambirenso. Ndinasoka timapazi timeneti mpaka zala zinayamba kutisoka zokha ine ndikuyang'ana atsikana odutsa mumsewu.

Mmodzi wa odutsawo anali agogo anu aakazi, a Luwiza. Anabwera ndi diresi lachikasu la timaluwa toyera, losokedwa ndi telala wa khonde lina, litang'ambika m'mbali pokwera lole ya ku Thyolo. Ndinawauza kuti akanabwera kwa ife poyamba sakanachita manyazi pamsewu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti munthu wopanda nsapato asamayankhule za manyazi a ena. Mwezi womwewo ndinagula nsapato. Zinali zazikulu, ndinkaikamo nyuzipepala kutsogolo.

Tsono apa ndi pamene mutu umandidabwitsa. Zaka za unyamata zija ndimaziona tsiku ndi tsiku, ngati zili pawailesi yakanema. Koma zaka za pakati, pamene ndinali ndi khonde langalanga, ana akubadwa, mayunifomu a sukulu atawunjikana mpaka kudenga mwezi wa Januwale, zonsezo zinaphatikana n'kukhala ngati tsiku limodzi lalitali, ine ndili pamakina ndikupalasa. Sindingakuuzeni kuti Malita anayamba kuyenda chaka chiti, kapena ndi mwana uti anadwala chikuku. A Luwiza ndiwo ankasunga zimenezo. Tinkagawana ntchito, iwo kusunga za ana, ine kusunga miyeso ya makasitomala. Atapita iwo, theka la zimene banja lino linkakumbuka linapita nawo, ndipo zimandipweteka mpaka lero.

Kenako kunabwera kaunjika. Anthu anayamba kutola jekete pamulu pamtengo wa mabatani okha, ndipo makhonde anayamba kukhala zii mmodzimmodzi. Anzanga ena anapita kukalondera, ena anabwerera kumudzi. Ine ndinanyamula makina anga n'kubwera nawo kuno kuseri kwa Mpingwe, pakhonde lomwe mwakhalali. Sindinapemphepo kanthu kwa munthu. Ana onse ndinawaphunzitsa ndi phazi ili, ndipo nyumba ino njerwa iliyonse inatuluka pa singano.

Yohane anakulira pansi pa makina amenewa. Bambo ake, Antonyo, mwana wanga woyamba, anamwalira iye akuyamwa, ndipo mayi ake sanakhalitsenso. Tinamutenga ife. Ankakwawa m'tizidutswa ta nsalu, kutola mabobini n'kuika m'kamwa. Yunifomu yake yoyamba ndinamusokera ine, ndi suti imene anavala pokafunsira ntchito. Mumtima mwanga ndinali nditanena kalekale kuti tsiku limene mwanayu adzapeze mkazi, woimirira pamaso pa akuchikazi m'malo mwa Antonyo ndidzakhala ine. Sindinauze munthu aliyense, chifukwa sindinkaona kuti pangadzakhale wotsutsa.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina m'mawa ndinavala jekete, ndinakwera minibasi pa Limbe, ndinatsika pa Ginnery Corner. Minibasi itachoka ndinaima m'mbali mwa msewu, magalimoto akudutsa, ndipo sindinadziwe chimene ndadzera. Malo ndinkawadziwa. Ndikanatha kukuuzani pamene pankatsitsidwa mabelo a thonje lochokera kwathu, ndi pamene mayi wina ankagulitsa thobwa lozizira m'mtsuko. Koma kuti ine Zuze ndadzatani pano lero, munalibe kanthu m'mutumu. Ndinakhala pamwala mpaka dzuwa linafika pamutu. Foni inalira m'thumba, anali Malita, akundidikira kuchipatala kumene ndinayenera kukapimitsa maso. Atandipeza sanakalipe. Anandigwira dzanja powoloka msewu ngati mmene ndinkamugwirira iye ali mwana, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipa.

Inali nyengo yomweyo pamene Yohane anabwera ndi mtsikana kudzamuonetsa. Dzina lake Tamanda. Lero ndalitchula bwino, mawa musandiyese. Makolo ake ndi a ku Chikwawa, iye amagwira ntchito mu ofesi ina m'tauni. Akuti anagwada bwinobwino, tinacheza, ndinamukonda, ndinamutcha mkazi wanga monga timachitira ndi akazi a adzukulu. Ndikuti akuti chifukwa ndinachita kuuzidwa. Atabweranso ulendo wina ndinamulonjera ngati mlendo. Ulendo winanso ndinafunsa Yohane, mtsikanayo ali pomwepo, kuti kodi mwana waulemuyu ndi wa yani. Yohane anayang'ana pansi. Nkhope ya mtsikanayo inagwa m'mutu mwanga tsiku lomwelo, koma kuyang'ana pansi kwa Yohane kunakhalira.

Tsono akuchikazi anatumiza mawu. Mukudziwa mwambo wa pachinkhoswe, atsikana angapo amabwera atafunda nsalu kumutu, ndipo akuchimuna amayenera kupeza wawo. Kwina amaloza ndi mnyamata mwiniwake. Koma amalume ake a Tamanda anati kwawo satero. Anati mnyamata amamudziwa kale mkazi wake, chimene iwo akufuna kuona n'chakuti kodi akwawo a mnyamatayo akumudziwa mwana amene akumutenga. Choncho aloze ndi nkhoswe yaikulu ya kuchimuna.

Malita anabwera kuno Loweruka lina ndi shuga ndi buledi, ndipo nditaona buledi wa mtengo uja ndinadziwa kuti pali nkhani. Anazungulira, za mankhwala, za denga lodontha, kenako anafika. Anati amuna ake akhoza kuima ngati nkhoswe, ine ndikakhale pampando wakutsogolo, wolemekezeka, ndisavutike ndi kuyankhula.

"Bambo, wina aliyense akaloza molakwa anthu aseka, afupa, zatha," anatero. "Koma mukalakwa inu saseka. Akumverani chisoni, ndipo akuchikazi akanena kuti mwana wawo akupita kubanja limene silikumudziwa. Mukufuna Yohane adzayang'anenso pansi pamaso pa anthu onse aja?"

Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti amuna akewo, anthu abwino ndithu, sanasinthepo thewera la Yohane ngakhale kamodzi. Ndinamuuza kuti ndikadali moyo, ndipo munthu wamoyo samuikira woimirira. Ndinanena zambiri, zina zosayenera kuuza mwana wako amene wakugulira buledi. Koma atapita ndinakhala pampando uwu n'kudziwa kuti mwanayo sananame. Azakhali anuwo musamawaone ngati ankhanza. Ankateteza Yohane, ankatetezanso ine.

Yohane yekha ndiye anadula nkhani. Anauza azakhali ake kuti ngati agogo saima, chinkhoswe chidikire. Nditamva ndinanyada, kenako ndinachita mantha kwambiri, chifukwa tsopano katundu yense anali pamutu panga. Anandiikira chithunzi cha Tamanda pafoni. M'mawa uliwonse ndikamwa tiyi ndinkachiyang'ana n'kumatchula dzina lake ngati mwana wa sukulu. Pofika masana chinali chithunzi cha mtsikana wokongola amene sindikumudziwa. Ndipo ngakhale nkhopeyo ikanakhala, ikanandithandiza chiyani munthu atafunda nsalu?

Chinkhoswe chinachitikira ku Sunnyside, pa kapinga wa nyumba ina yakale imene anthu amabwereka pa zisangalalo. Nyumba zimenezo ndinkazidziwa kale, koma polowera kukhomo lakumbuyo, ndikapita kukayesa makatani. Tsiku limenelo ndinalowera pachipata chachikulu, nditavala suti yosoka ndekha, ndipo palibe suti ina pamalopo imene inakhala bwino paphewa ngati yanga. Tili m'galimoto Malita anandinong'oneza kanthu. Anali atafufuza kwa amayi ena a kuchikazi kuti Tamanda akhala malo ati pamzere. Ndinagwedeza mutu, ndinabwereza mumtima, ndinati izi zokha ndazigwira.

Mawu olonjera ndinayankhula bwino. Zimenezo ndi zakale, zili m'magazi. Ndinatchula kumene tinachokera, ndinatchula Antonyo. Kenako ng'oma zinalira, amayi anayamba kuimba, atsikana anatuluka m'nyumba pamzere. Onse anavala madiresi a nsalu imodzi, osokedwa mofanana, ndipo aliyense anafunda chitenje kuyambira kumutu mpaka m'mawondo. Akuchikazi anali ochenjera, anawavula nsapato ndi zibangili, ngakhale zikhadabo anawapaka mtundu umodzi. Anawakhazika pamkeka, miyendo atatambasula kutsogolo. Yohane anamukhazika patali, atatembenukira kumpanda.

Amalume a mtsikana anati, "Akuchimuna, mwana wanu ali pamenepa. Tionetseni."

Ndinaimirira. Ndinafufuza m'mutu mawu a Malita aja, ndipo munali mbee. Kaya anati kumapeto, kaya anati pakati, kaya anati pafupi ndi mtengo, mapini anali atagwa kale. Ndinayang'ana kumene anakhala, ndinamuona atagwira chibwano, milomo ikuyenda, koma maso angawa sawerenga milomo patali. Oimba anatsitsa mawu. Ndinamva mayi wina kumbuyo akunong'ona kuti, ndi aja amaiwalaiwala aja.

Ndinayamba kuyenda pang'onopang'ono kutsogolo kwa mkeka, ndodo ili m'manja. Kunena zoona sindinkafuna kanthu. Ndinkayang'ana pansi chifukwa cha manyazi, ndikuganiza kuti ndingoloza aliyense zithe. Koma telala akayang'ana pansi amaona mipendero, sangachitire mwina. Woyamba unali wa makina amagetsi, wothamangitsa, ulusi ukulendewera. Ndinadandaula mumtima kuti ana a masiku ano amalipiritsa anthu pa ntchito yotere. Wachiwiri chimodzimodzi, dzanja lomwelo. Nditafika pa wotsatira, miyendo inaima yokha.

Mpendero wake unali wopinda ndi manja, wogona bwino, ulusi wosaoneka kunja. Ndipo pamene msoko wa m'mbali unathera panali timizere titatu totambasuka. Ndinawerama mpaka msana unalira. Kanali kaphazi ka nkhuku, chala chapakati chotalikirapo pang'ono, monga ndimachitira ine, chimene a Fulansisiko anandimenyera zala osatha kundisintha. Ulusi unali watsopano.

Ndinaganiza mofulumira kuposa mmene ndaganizira zaka zambiri. A Fulansisiko anagona kalekale. Anzanga amene tinaphunzira limodzi onse anatsogola. Mu Blantyre yense, wosoka kaphazi aka watsala ndine ndekha. Sindinkakumbuka diresi limeneli, sindinkakumbuka nsalu yake, koma dzanja langa ndinalidziwa. Ndipo ngati dzanja langa lakhudza chovala ichi, mwini wake anakhalapo pakhonde langa.

Ndinaloza ndi ndodo n'kunena kuti, "Uyu ndi wa kwathu."

Amalume aja anafunsa ngati ndatsimikiza, kapena ndikufuna kuzunguliranso. Ndinawauza kuti ine sindiyesa kawiri. Anthu anafupa, amayi anachotsa chitenje, ndipo nthungululu zinaphulika. Ndikuuzeni zoona, ana inu, nkhope imene inatuluka m'chitenjemo sindinaizindikire. Ndinaona mtsikana akulira n'kumaseka nthawi imodzi. Chimene chinandiuza kuti ndakhoza ndi Yohane, amene anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso, mutu uli m'mwamba. Malita anabwera akuvina, mayi wamkulu ndithu, nsapato zili m'manja, akuganiza kuti ndakumbuka zimene anandinong'oneza. Sindinamutsutse pamenepo.

Zonse zitatha, nkhuku zitasinthanidwa, anthu akudya, mtsikanayo anabwera kudzagwada pafupi ndi mpando wanga. Ndinamufunsa motsitsa mawu kuti andiuze, dzanja langa linafika bwanji pa diresi lake.

"Ndinabwera kwanu masiku apitawa, agogo, ndekha," anatero. "Ndinakuuzani kuti telala wandipindira molakwika. Sanalakwitse, ndinasula ndekha ndi lezala. Munandipindira muli pakhonde, ine ndikukulowetserani ulusi."

Ndinamufunsa kuti anadziwa bwanji za kaphazi.

"Munandiuza ndinu. Ulendo uliwonse ndikabwera mumandiuza za a Fulansisiko, za rula, za amayi okwera malole. Mumayamba ngati simunandiuzepo, ndipo simusintha ngakhale liwu limodzi. Ndiye ndinati, ine mwina mundiiwala, koma ichi simungachiiwale."

Masana athunthu mwana ameneyu anakhala pakhonde pano, ndinagwira nsalu yake, ndinamwa naye tiyi, ndipo m'mutu mwanga simunatsale kanthu. Zimenezo n'zowawa, sindikubisirani. Koma taganizani za mwanayo. Wina akanakwiya kuti nkhalamba iyi imandifunsa dzina tsiku lililonse. Wina akanatopa ndi nkhani imodzimodzi n'kumayang'ana foni, ngati ena amene ndikuwaona pano. Iye anamvetsera mpaka anadziwa pamene mutu wanga uli wolimba, n'kukoloweka nkhani yake pamenepo. Nkhanga zinapangana kusanache, koma iyi inapangana ndi zala zanga mwini wake osadziwa. Yohane anasankha bwino, ndipo anaphunzira kusankha nsalu pakhonde lino.

Mwina mukudabwa kuti nanga za chinkhoswezi ndikuzikumbuka bwanji, popeza ndi zatsopano. Inenso ndimadabwa. Ndikuganiza kuti chimene chagwedeza mtima chimasokedwa, ngakhale muukalamba. Komanso ndazifotokoza kambirimbiri, kutchalitchi, kwa ometa tsitsi, kwa aliyense wokhala pafupi nane m'minibasi. Mwina inunso ndinakuuzani kale. Ngati ndinakuuzani, mwachita bwino kukhala chete, mwayamba kukula.

Adokotala anauza Malita, ine ndili pomwepo ngati kuti ndine mpando, kuti zimenezi sizibwerera m'mbuyo. Zatsopano zizigwa msanga, kenako za pakati, ndipo zakale ndizo zidzatsalire kumapeto. Ndiye kuti tsiku lina ndidzatsala ndi bakha wa m'sitima uja ndi diresi lachikasu la a Luwiza. Sindikuopa kwambiri, ndi anthu abwino okhala nawo. Chimene sindikufuna n'chakuti mmodzi wa inu adzalowe pachipata apo, ine ndidzamulonjere ngati wogulitsa makala, iye adzabwerere kwawo akuganiza kuti agogo anasiya kumukonda.

N'chifukwa chake ndinakutumani zovalazi. Sindikufuna zatsopano zimene mudzazisiye chaka chamawa, ndinati chimene umachikonda, chimene umavala pobwera kuno. Chilichonse ndichisoka kaphazi m'munsi, m'mbali mwa msoko. Mukakula n'kuchisiya, mubweretse china zala zangazi zikadagwira. Tamanda wabweretsa kale kansalu ka mwana amene akuyembekezera, ndiye ameneyo adzabadwa ali ndi chizindikiro chake.

Tsiku limene mudzafike ine n'kukufunsani kuti ndinu ana a yani, musadzalire, musadzathamangire kuimbira Malita. Musadzandiuzenso dzina, lidzagwa musanamalize kulitchula. Mudzangobwera pafupi, mudzapinde m'munsi mwa chovala n'kuika m'manja mwangamu. Ndidzadziwa kuti ndinu a kwathu.

Tsono dzuwa likupita, ndipo maso anga salowetsanso ulusi. Iwe wautaliwe, tenga singano iyo pa kansalu kofiirako, unyowetse ulusi ndi malovu, usachite manyazi. Bwera nayo shati yakoyo tiyambire iwe, Pemphero. Waona, labwera lokha.